Mafunso Anu: Inshuwalansi kwa Ojambula Maukwati

Funso: Akonzi, ndimajambula maukwati. Ndili ndi makamera awiri, malenzi atatu, mafulashi ndi laputopu. Katundu wa m'nyumba mwanga ali kale pa inshuwalansi. Kodi zida zimenezi sizili momwemo?

Yankho: Kawirikawiri ayi. Inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba ndi ya zinthu zogwiritsa ntchito pakhomo. Kamera ikangoyamba kukubweretserani ndalama, makampani ambiri amaiwerenga ngati katundu wa bizinesi, ndipo ikasowera kuholo ya ukwati amakana kulipira. Mukufunika pangano lapadera la zida za ntchito, lija amati all risks, lolipira zida zikabedwa, zikagwa, zikapsa kapena zikanyowa, kaya kunyumba, panjira kapena kojambulako.

Musanapite kwa ejenti wa inshuwalansi lembani mndandanda wa chida chilichonse: mtundu wake, nambala yake ya kufakitale, tsiku limene munagula ndi mtengo. Nambala ya kamera imakhala kunsi kwake, ya lenzi imakhala pathupi lake kapena pamene imamangira kukamera. Malisiti ajambuleni, chifukwa a papepala la makina aja amafufutika pakapita nthawi, ndipo zithunzizo zisungeni pa intaneti, osati mulaputopu imene ingabedwe pamodzi ndi chikwama. Musasiye mabatire, makhadi osungira zithunzi, masitandi ndi zikwama. Payekhapayekha zimaoneka zazing'ono, koma kuzigulanso zonse tsiku limodzi kumawawa.

Kenako funsani kuti akadzalipira adzawerengera mtengo uti. Mapangano ena amakupatsani ndalama yogulira chida chatsopano chofanana nacho, ena amachotsera zaka zimene chagwira ntchito, moti kamera ya zaka 4 mungalandirepo ndalama yosakwana kugula ina. Ife timalimbikitsa oyambawo ngakhale amakwerako mtengo. Chimene timaletsa kwambiri n'kuchepetsa dala mtengo wa zida kuti muzilipira zochepa pachaka. Mapangano ambiri ali ndi mfundo yakuti ngati munalembetsa 60 peresenti yokha ya mtengo weniweni wa zida zanu zonse, nawonso adzalipira 60 peresenti ya chilichonse chowonongeka, ngakhale itakhala lenzi imodzi. Apo n'kuchotsanso excess, ndalama imene inuyo mumayamba mwatulutsa pa ngozi iliyonse. Choncho mndandanda uja muziukonzanso chaka ndi chaka, komanso mukangogula chida chatsopano.

Dziwaninso kuti inshuwalansi imalipira ngozi, kutha kwa chinthu ayi. Shata (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) yotopa ndi kujambula, chuku chomera m'lenzi chifukwa cha chinyontho, fumbi ndi mikwingwirima, zonsezo n'zanu.

Funso: Mnzanga anamubera chikwama cha makamera m'galimoto pamene ankadya pambuyo pa ukwati, ndipo kampani yakana kumulipira. N'chifukwa chiyani, poti anali pa inshuwalansi?

Yankho: Sitinaone pangano lake, koma nkhani za m'galimoto zimagwera pamfundo imodzimodzi. Mapangano ambiri amalipira pokhapokha galimoto itakhala yokiya, mawindo otseka, zida zili m'buti posaoneka, ndipo pali umboni woti wakubayo anachita kuthyola, monga windo losweka kapena loko wowonongeka. Ena salipira n'komwe ngati zida zinagona m'galimoto usiku. Chikwama chikakhala pampando, kapena chitseko chikapezeka chili bwinobwino, mlandu umavuta. N'chimodzimodzi kusiya kamera patebulo kuholo n'kupita kukajambula panja: amati munaisiya yopanda woiyang'anira.

Zikachitika, jambulani malowo musanakhudze kanthu, kanenani kupolisi tsiku lomwelo mutatenga manambala a zida, tengani lipoti, ndipo dziwitsani kampani masiku olembedwa m'pangano asanathe. Windolo musakonzetse iwo asanalione kapena kukulolani.

Funso: Kuholo ina anandiuza kuti sindilowa ndi magetsi anga popanda pepala la public liability. Chimenechi n'chiyani? Kodi chingandithandizenso khadi ikawonongeka zithunzi za ukwati n'kutayika?

Yankho: Mayi, apa pali zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ojambula ambiri amadziwa zimenezi vuto litagwa kale. Public liability imalipira mukavulaza munthu wina kapena kuwononga katundu wake chifukwa cha ntchito yanu. Taganizirani sitandi yotalika mamita 3, pamwamba pali fulashi ndi ambulera, mphepo yawomba kapena ana akuthamanga, n'kugwera mwana pamutu. Kapena agogo apunthwa pachingwe cha magetsi chodutsa pakhomo n'kuthyoka chiuno. Ndalama za kuchipatala, za loya ndi chipukuta misozi zingapose mtengo wa makamera anu onse kangapo. N'chifukwa chake kwa ife iyi ndiyo yoyamba kugula, ngakhale ndalama zitachepa. Funsani eni holo mlingo wa ndalama umene amafuna uoneke papepalalo musanagule. Ngozi ikachitika, thandizani wovulalayo, lembani mayina a mboni, jambulani malowo, koma musavomere mlandu kapena kulonjeza kulipira. Mtima umafuna kutero, tikudziwa, koma mapangano amaletsa, ndipo kampani ingakane kukuimirirani. Komanso pepala siligwira sitandi: ikani thumba la mchenga pamiyendo yake ndipo zingwe zimateni pansi ndi tepi.

Zithunzi zotayika sizilowa m'menemo, chifukwa palibe wavulala ndipo palibe katundu wa munthu wasweka. Inshuwalansi ya zida nayo ingakugulireni khadi ina basi. Yoteteza zimenezi ndi professional indemnity, imene imalipira mkwati ndi mkwatibwi akakusumirani kuti ntchito munaiwononga: khadi yafa, mwafufuta mafayilo molakwitsa, mwafika malumbiro atatha. Iyi ili ndi msampha wake. Nthawi zambiri imagwira ngati inali yamoyo pa tsiku limene dandaulo lafika, osati tsiku la ukwati lokha. Mukajambula mu Disembala, n'kusiya kulipira mu Januwale, dandaulo n'kubwera mu Malichi, mungapezeke muli nokha.

Ndalama sizibweza ukwati, ndiye chitetezo chenicheni chili m'manja mwanu. Gwiritsani ntchito kamera yolowa makhadi awiri, muitchere kuti izilemba chithunzi chilichonse pa onse awiri. Mukafika kunyumba koperani zithunzi malo atatu, amodzi akhale kunja kwa nyumbayo, ndipo khadi musaifufute mpaka ntchito mutapereka. Pangano lanu ndi eni ukwati lilembedwe, linene maola, chiwerengero cha zithunzi, tsiku lopereka ndi zimene mudzabweze zinthu zikalakwika.

Funso: Nthawi zina ndimachita hayala lenzi, ndipo ndimatenga mnyamata wondithandiza. Kodi iwonso ndi otetezedwa?

Yankho: Pokhapokha mutawalembetsa. Zida za hayala zimafuna gawo lakelake m'pangano, ndipo mwini wake adzakulipiritsani mtengo wonse lenzi ikagwa. Wokuthandizani akavulala pantchito, public liability siimulipira, chifukwa saamuwerenga ngati munthu wapadera. Pamenepo pamafunika inshuwalansi ya antchito, imene m'maiko ambiri ndi lamulo kukhala nayo. Uzani ejenti wanu kuti mnyamatayo amagwira kangati pamwezi, amanyamula zida ziti, ndiponso ngati amajambula yekha, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.