Musanalipire laputopu ku Joni, itembenuzeni kaye

Achimwene, mwafunsa kuti geni ya malaputopu imayenda bwanji, komanso chifukwa chomwe ndimakanira ena ooneka bwino. Ndikuuzani momwe ndimachitira ine.

Basi ndimakwerera ku Blantyre, kutulukira pa Mwanza, kudutsa Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Johannesburg. Ndimapikula akale omwe maofesi asiya: ThinkPad, Dell Latitude, HP EliteBook. Malisiti onse musunge, a MRA adzawafuna pobwera.

Chomwe sindisiya kunyumba ndi ka screwdriver kakang'ono. Laputopu ndisanaiyatse n'komwe, ndimayamba ndaitembenuza. Ikakhala ya ma screw ndimatsegula pompo, wogulitsa akuona, n'kuyang'ana ngati batire, RAM (memori yomwe laputopu imagwiritsa ntchito ikayaka) ndi SSD (mosungira mafayilo) zikuchoka. Zikakhala zomata ndi guluu kapena zowotcherera pa bodi, ndimabweza, ngakhale atsitse mtengo chotani. Ndinaphunzira ndi zowawa. Ulendo wina ndinatenga atatu opyapyala, onyezimira ngati mbale zatsopano. Imodzi inafa RAM patangotha miyezi iwiri, wokonza atatsegula anangopukusa mutu. Ndalama ndinabweza ndi manja anga.

Makasitomala anga ambiri kuno ku Zomba ndi ana a ku Chanco. Magetsi akazima amadalira batire, ndiye silichedwa kutha mphamvu; wina wathira tiyi pa keyboard usiku akulemba asainimenti. Pa ThinkPad yakale zimenezi n'zosintha tsiku lomwelo, mwana n'kubwerera m'kalasi. N'chifukwa chake ndimagulanso malaputopu akufa motchipa, ongochotsako zipangizo.

Zoti makampani ayamba kupanga zosavuta kukonza n'zoona, koma musati ndi chifundo, akakamizidwa. Kuyambira 2021 dziko la France limalamula kuti laputopu yatsopano izikhala ndi malikisi, pa 10, osonyeza kuphweka kwake pokonza. Chaka chomwecho kampani ya Framework inatulutsa laputopu yoti mwiniwake aziphwasula yekha. Apple nayo, yomwe inkaumira kwambiri, mu 2022 inayamba kugulitsa zipangizo kwa anthu wamba. Kwathu kuno zimenezo zidzatipeza mochedwa, maofesi akunja akadzatopa nazo.

China n'chakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025. Ngati laputopu ili ndi purosesa (ubongo wake) ya Intel, musatenge yochepera 8th gen (m'badwo wachisanu ndi chitatu wa mapurosesawo), chifukwa Windows 11, yomwe inalowa m'malo mwa Windows 10, imaikana. Ogulitsa akuzitsitsa mtengo dala zimenezo, ndipo adzakukakamizani kuti mutenge zambiri. Ulendo woyamba tengani zisanu zokha, zonse mutatsegula nokha.