Anaba zizindikiro n'kupulumuka, woponya mpira n'kulangidwa: kuyankha achimwene a ku California

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akukhala ku California, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano. Akuti kuntchito kwawo ikakwana nthawi ya nkhomaliro, nkhani imakhala baseball basi. Anzawo ambiri amachemerera Los Angeles Dodgers, koma pali mmodzi wochokera ku Texas amene amafera Houston Astros, ndiye mukudziwa kale mmene macheza otero amathera. Funso lawo lili motere: "Anzangawa akuti Astros inabera mu 2017 koma palibe wosewera ndi mmodzi yemwe amene analangidwa, pamene Joe Kelly, amene sanagende munthu n'komwe, anamuletsa magemu 8. Akutinso Pete Rose anamuthamangitsa mpaka kalekale chifukwa chobetcha, pamene omwa mankhwala opatsa mphamvu amabwerera n'kumasewera. Ine ndinazolowera mpira wamiyendo. Kodi kuno zilango zimayendera chiyani? Kapena n'kukondera chabe?"

Achimwene, anzanuwo sakunama, zonse anenazo zinachitikadi. Pamene akuphonya ndi poganiza kuti ligi ya Major League Baseball ili ndi sikelo imodzi yoyezera milandu yonse. Ilibe. Juga ili ndi lamulo lake, mankhwala ali ndi lawo, ndewu za pabwalo zili ndi njira yake, ndipo ambiri mwa malamulowa ligi sinangodzilembera yokha, inachita kugwirizana ndi bungwe la osewera, lomwe ndi lamphamvu kwabasi. Choncho kukula kwa chilango sikutsata kuipa kwa mlandu. Kumatsata zimene zinalembedwa papepala mlanduwo usanapalamulidwe, komanso zimene ligi ikuona kuti ingapambane wosewerayo akachita apilo.

Tiyambe ndi a Astros, popeza ndi pamene pali bala. Mu baseball woponya mpira ndi wowakha amene amanjuta kumbuyo kwa womenya amayenera kumvana kuti mpira ukubwerawo ukhala wotani, wothamanga kapena wokhota. Kale ankamvana ndi zala: wowakha amaloza zala pakati pa miyendo yake, woponya n'kuvomera. Womenya akadziwiratu chimene chikubwera, ntchito yake imapepuka kwambiri. Kuba zizindikirozi ndi maso n'kololedwa ndipo kunayamba kalekale. A Astros anagwiritsa ntchito kamera yoikidwa kutali kumapeto kwa bwalo lawo, chithunzi n'kumafika pa sikirini pafupi ndi pokhala osewera. Wina akawerenga zala zija ankamenya bini ya zinyalala kuti mnzake womenya amve. Bini ikalira, ukubwera ndi wokhota kapena wochedwa. Ikakhala chete, ukubwera ndi wothamanga. Chaka chimenecho anatenga chikho cha World Series atagonjetsa Dodgers pa gemu ya 7.

Nkhaniyi inaululika mu November 2019 pamene Mike Fiers, woponya mpira amene anali m'timuyo, anauza atolankhani a The Athletic. Mu January 2020 mkulu wa ligi, Rob Manfred, anapereka chigamulo. Kochi A.J. Hinch ndi bwana woyendetsa timu Jeff Luhnow anaimitsidwa chaka chimodzi, ndipo mwini timu Jim Crane anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Timu inalipira chindapusa cha madola 5 miliyoni, chomwe n'chachikulu kwambiri chimene malamulo a ligi ankalola, n'kulandidwanso mwayi wosankha osewera achinyamata m'magawo awiri oyamba mu 2020 ndi 2021. Chikho sichinalandidwe. Osewera, amene lipoti la Manfred lomwelo linati ndiwo ankayendetsa chinyengocho, palibe anaphonya ngakhale gemu imodzi.

Manfred anawalonjeza kuti sadzalangidwa ngati anena zoona, ndipo anateroko poona kuti mlanduwo akanaluza. Mu September 2017, a Boston Red Sox atagwidwa akugwiritsa ntchito wotchi ya Apple potumizirana zizindikiro, iye analembera matimu onse kalata yochenjeza, n'kunena kuti amene adzayankhe mlandu wotere ndi mabwana ndi makochi. Luhnow sanaifikitse kalatayo kwa osewera ake. Ndiye tangoganizani loya wa bungwe la osewera ataima pamaso pa woweruza wapadera n'kufunsa kuti, lamulo limene mukumulangira munthu wangayu munamuuza liti, ndipo chilango chake chinalembedwa pati? Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Manfred anaona kuti akagenda khosweyo aswa mkhate, n'kutsala wopanda umboni komanso wopanda chilango.

Ndikumvetsa zonsezo, koma sindinganene kuti chinali chilungamo. Pali oponya mpira amene mipira yawo inamenyedwa koopsa pabwalo la Houston chaka chimenecho, ena n'kutsitsidwa kupita kumaligi aang'ono, osadziwa kuti womenya mpirayo wauzidwa kale yankho. Amenewo palibe anawabwezera kanthu. Ndipo mwini timu, amene ndalama za chikho zinalowa m'thumba mwake, lipoti linamuyeretsa. Musaiwale kuti mkulu wa ligi amalembedwa ntchito ndi eni matimu 30 aja. Pamene Manfred, poikira kumbuyo chigamulo chake, anatchula chikhocho kuti ndi chidutswa cha chitsulo chabe, anachita kupepesa, koma mawuwo anali atatuluka kale.

Tsono Joe Kelly, amene panthawiyo anali woponya mpira wa Dodgers. Mu July 2020 a Dodgers anapita ku Houston. Kelly anaponya mpira wothamanga umene unadutsa kumbuyo kwa mutu wa Alex Bregman, kenako wina pafupi ndi mutu wa Carlos Correa, onsewa omenya a Astros, ndipo atamutulutsa Correa anamukwenzulira milomo pomunyogodola mpaka matimu onse anakhamukira pabwalo. Anamuletsa magemu 8. Chaka chimenecho, chifukwa cha mliri wa Covid-19, sizoni inali ya magemu 60 m'malo mwa 162, ndiye magemu 8 anali ngati 22 a sizoni yathunthu. Atachita apilo anawatsitsa kufika pa 5. Lamulo lokhudza kuponyera munthu mpira mwadala linalipo kale, ligi inali itachenjezeratu kuti pasakhale wobwezera a Astros, ndipo mpira umenewo ukagunda mutu umatha kupha. Mwa iko kokha chilangocho sichinali chodabwitsa. Chinawawa anthu chifukwa chochiika pambali pa ziro wa a Astros.

Mnzanu wa ku Texas uja mum'patseko kachida aka, asamangofa yekha: mu 2017 Kelly sanali wa Dodgers. Anali wa Red Sox, ndipo anali m'timu ya 2018 imene inatenga chikho, imenenso ligi inadzaipeza ndi mlandu wake wa zizindikiro, ngakhale unali wocheperapo.

Zilango za pabwalozi ndiye zosalongosoka kwenikweni, chifukwa palibe mndandanda wa mitengo. Ofesi ya ligi imayang'ana milandu yam'mbuyo n'kusankha nambala, ndipo apilo yake imamvedwa m'nyumba mwa ligi momwemo. Woponya woyambitsa gemu amasewera kamodzi pa masiku asanu, choncho mukamuletsa magemu 5 mwangomusunthira tsiku lake pang'ono, pamene womenya wa tsiku ndi tsiku mukamuletsa 5 waphonyadi 5. Mu September 1996 Roberto Alomar, wosewera wa Baltimore Orioles, analavulira woyimbira John Hirschbeck kumaso. Anamuletsa magemu 5, koma anasewera ndime zonse zachipulula za chaka chimenecho, chilango n'kudzayamba mu April 1997.

Za mankhwala sindichedwapo, chifukwa pamenepo pali mitengo yolembedwa. Kuyambira 2014, ukagwidwa koyamba ndi magemu 80 opanda malipiro, kachiwiri 162, kachitatu watha. Fernando Tatís Jr. anapatsidwa 80 ake mu 2022 ngati wina aliyense, ngakhale anali nyenyezi ya San Diego Padres. Milandu imeneyi imatha kupita kwa woweruza amene sali wa ligi kapena wa bungwe la osewera, ndipo amatembenuzadi zigamulo. Alex Rodriguez anapatsidwa magemu 211 mu 2013, woweruza n'kuwatsitsa kufika 162. Ryan Braun anapulumuka mu 2012 chifukwa amene anatenga mkodzo wake anausunga kunyumba Loweruka ndi Lamlungu m'malo moutumiza nthawi yomweyo, koma chaka chotsatira anagwidwa ndi umboni wina n'kuvomera magemu 65.

Pa Pete Rose ndikusiyana ndi anzanu a ku Dodgers. Munthuyo anamenya mipira 4,256 yomufikitsa pamalo otetezeka, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligi, ndipo n'chifukwa chake anthu amamumvera chisoni. Koma lamulo la juga, la nambala 21, limapachikidwa m'chipinda chovalira cha timu iliyonse. Ukabetcha pa gemu imene sukukhudzidwa nayo, ndi chaka chimodzi. Ukabetcha pa gemu imene uli ndi udindo, watuluka osabwereranso. Rose ankabetcha pa Cincinnati Reds iye ali kochi wa timuyo. Anasaina yekha chikalata chovomera kuchotsedwa mu August 1989, n'kukana mlanduwo zaka pafupifupi 15, kenako n'kudzavomera mu 2004. Omuikira kumbuyo amati ankabetcha kuti timu yake ipambane, ndiye vuto lili pati? Vuto ndi lakuti kochi amene waika ndalama pa gemu ya lero angathe kutopetsa woponya wake wabwino kuti apambane lero, mawa n'kuluza. Ndipo tsiku limene sanabetche, a juga amene amalandira ndalama zake amadziwa kuti lero kochi mwini wake sakuikhulupirira timu yake. Womwa mankhwala ndi woba zizindikiro onse akubera kuti apambane. Wa juga amachititsa wolipira pageti kukayika ngati gemu akuonerayo ndi yeniyeni. Mungatsutse kuti kusiyanitsa kumeneku kwanyanya, koma Rose analiwerenga lamulolo tsiku lililonse kwa zaka zoposa 20.

Kuuma kwa lamuloli kunachokera ku 1919, pamene osewera 8 a Chicago White Sox anaimbidwa mlandu wogulitsa World Series kwa a juga. Amene anazengedwa mlandu khoti linawapeza osalakwa mu 1921, koma m'mawa mwake mkulu woyamba wa ligi, Kenesaw Mountain Landis, anawathamangitsa onse 8. Panalibe bungwe la osewera, panalibe apilo. Ochemerera ambiri amene amatukwana Manfred amalakalaka munthu ngati Landis, woti akangolankhula zatha. Azikumbukiranso Buck Weaver, mmodzi wa anthu 8 aja, amene sanalandire ndalama ndipo anasewera bwino mu World Series imeneyo. Mlandu wake unali wodziwa chiwembu osaulula. Anapempha kangapo kuti amubwezere, mpaka anamwalira mu 1956 asanamumvere. Mphamvu imene ikanagwetsa a Astros tsiku limodzi ndi yomweyonso inam'meza Weaver, ndipo ine pa ziwirizi ndingasankhe ligi yomangidwa manja ndi mapepala, ngakhale nthawi zina imanditentha mtima.

Rose anamwalira mu September 2024 ali ndi zaka 83. Mu May 2025 Manfred analengeza kuti chiletso chimatha munthu akamwalira, n'kuchotsa pamndandanda Rose, Weaver, Joe Jackson, mnzake wa Weaver mwa anthu 8 aja, ndi anzawo ena. Sindikudziwa kuti wakufa amapindula chiyani, kupatula kuti tsopano mayina awo angaganiziridwe ku Hall of Fame ya ku Cooperstown, nyumba yolemekezera akatswiri a baseball. Chimene chimandinyansa ine ndi china. Kuyambira 2018, pamene khoti lalikulu la America linatsegula njira yoti zigawo zilole kubetcha pamasewera, ligi inagwirizana ndi makampani a juga, ndipo malonda awo mumawaona nokha pa TV gemu ili mkati. Mu June 2024 ligi yomweyo inathamangitsa mpaka kalekale Tucupita Marcano, mnyamata wa ku Venezuela wa zaka 24, chifukwa chobetcha pa magemu a Pittsburgh Pirates pamene iye anali m'timuyo koma atavulala. Lamulo analiswadi, ndipo sindikumuikira kumbuyo. Koma zimavuta kumva ulaliki wa kudziletsa kuchokera kwa munthu amene akugulitsa kachasu pakhomo pa tchalitchi.

Pa nkhani ya zizindikiro, dzenje lija analikwirira madzi atadutsa kale. Mu 2020 momwemo ligi ndi bungwe la osewera anagwirizana kuti wosewera woba zizindikiro ndi makina angathe kuimitsidwa, ndipo kuyambira 2022 wowakha amangodina kabatani ka PitchCom, woponya n'kumva mawu m'chipewa chake, zala zija n'kutha ntchito. Hinch analembedwa ntchito ndi Detroit Tigers patangopita masiku ochepa chilango chake chitatha. Astros inatenganso chikho mu 2022, ndipo mnzanu wa ku Texas adzakukumbutsani zimenezo musanatsegule n'komwe kontena ya nkhomaliro. Inu mudzamuyankhe kuti cha 2020 chinapita ku Dodgers, Joe Kelly ali m'timu.