Munthu angatsatire mwana, kumuwombera, khoti n'kumumasula?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Mwana wawo wapeza malo pa sukulu ina ku Florida, ku America, ndiye wachibale wawauza nkhani ya Trayvon Martin, tulo tawathawa. Akufunsa kuti: "Zinatheka bwanji munthu kutsatira mwana wopanda chida, kumuwombera, kuvomera yekha kuti wawombera, koma khoti n'kumumasula? Kodi lamulo la kumeneko limalola kupha munthu wakuda?"

Amayi, imelo yanu yakhala masiku 5 osayankhidwa. Si ulesi ayi. Yandikumbutsa usiku wina umene sindikonda kuukamba.

Nthawi imeneyo ndinkachita lendi ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo akuba anali atatisowetsa mtendere. Lero batire ya galimoto, mawa nkhuku, mkuja zovala pachingwe. Abambo a m'deralo tinagwirizana zomalondera usiku mosinthana, aliyense tochi ndi chibonga m'manja. Ndikuuzeni zoona, chibonga chimasintha kayendedwe ka munthu. Ine amene masana ndinkangokhala pa desiki, usiku ndinkayenda chifuwa patsogolo ngati msewu wonse ndi wa bambo anga.

Tsiku lina cha m'ma 11 usiku tinaona mnyamata atavala juzi ya chipewa, jumbo m'manja, akuyenda mofulumira. Sitinamudziwe, ndipo kwa ife kusamudziwako unali kale mlandu. Tinamutsatira anthu atatu. Atacheuka n'kuona matochi, analiyatsa liwiro. Ife mumtima: wathawa, ndi wakuba basi. Tinamupezera pa ngalande, mnzanga anamutchera ndale, mnyamata uja podzuka anandipatsa chibakera chapakamwa. Ndinamumenya chibonga paphewa kawiri. Jumbo ija itang'ambika, munagwa kontena ya phala ndi chitenje. Ankapita nazo kuchipatala kumene mayi ake ankadikirira wodwala. Ali pansi, phala lili mbwee m'fumbi, anatifunsa akulira: "Inu ndinu ndani?" Iye ankayesa akuba ndife.

M'mawa ndinaloza mlomo wanga wotupa n'kuuza mayi a kunyumba kuti anayamba ndi iyeyo. Ndipo sindinaname, chibakera choyamba chinalidi chake. Ndinangoyambira nkhani pakati.

Tsono mukandifunsa za George Zimmerman, amene anawombera Trayvon, sindingamunene ngati chilombo cha kutali. Ndimamudziwa kayendedwe kake.

Zinachitika pa 26 February 2012 mu mzinda wa Sanford ku Florida. Trayvon, wa zaka 17, anali mlendo m'dera la nyumba zotchingidwa ndi mpanda lotchedwa Retreat at Twin Lakes, kumene anabwera ndi bambo ake kuchokera ku Miami. Madzulo, kunja kukugwa mvula, ankachokera ku sitolo ya 7-Eleven ndi maswiti a Skittles ndi chakumwa. Zimmerman, wa zaka 28, mtsogoleri wa olondera a m'deralo, anamuona ali m'galimoto n'kuimbira apolisi kuti pali munthu wokayikitsa. Wolandira foniyo anamufunsa ngati akumutsatira, iye anavomera, ndipo anauzidwa kuti sakufunika kutero. Patangopita mphindi zochepa Trayvon anali atagona pa kapinga, chipolopolo chimodzi pachifuwa. Zimmerman anali ndi magazi pamphuno ndi kunkhongo. Anati mnyamatayo anamugwetsa pansi, anamukhalira, ankamuwombetsa mutu pa konkire.

Apolisi anamufunsa mafunso usiku womwewo n'kumusiya apite kwawo. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kuposa pa chigamulo. Panatenga masiku oposa 40, zionetsero m'mizinda yambiri, Barack Obama kunena kuti akanakhala ndi mwana wamwamuna akanafanana ndi Trayvon, ndiponso gavanala wa Florida pa nthawiyo, Rick Scott, kusankha woimira boma pa milandu wapadera, Angela Corey, kuti pa 11 April 2012 Zimmerman aimbidwe mlandu wakupha. Wina andiuze mosanyengerera: mnyamata wakuda akanakhala kuti ndiye waima ndi mfuti, winayo ali gone, akanagona kwawo usiku umenewo? Ine ndikukana. Ena amati nkhaniyi si ya khungu chifukwa mayi ake a Zimmerman ndi a ku Peru. Zimenezo ndi zongozemba. Funso si lakuti wowomberayo ndi wamtundu wanji, koma chimene anaona poyang'ana mwana woyenda pamvula. Ifenso ku Area 25 tinali akuda tokhatokha, koma tinaona wakuba pamene panali mwana wonyamula phala. Kungoti ku America diso lotere lili ndi mbiri yaitali, ndipo limagwera anthu a khungu limodzi.

Nanga lamulo linati chiyani?

Ambiri amathamangira kunena kuti anamumasula chifukwa cha lamulo la 2005 lotchedwa Stand Your Ground, lonena kuti munthu amene ali pamalo pamene ali ndi ufulu wokhalapo sakakamizika kuthawa asanadziteteze. Lamuloli linagwiradi ntchito poyamba paja, chifukwa limaletsa apolisi kumanga munthu amene akuti amadziteteza pokhapokha ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yosaloledwa. Mawu ake analowanso m'malangizo amene woweruza Debra Nelson anawerengera jury, gulu la anthu wamba ogamula mlandu. Koma maloya a Zimmerman, Mark O'Mara ndi Don West, sanatsamire pamenepo. Iwo anati munthu wogonekedwa chagada, wina atamukhalira pamimba, athawira kuti? Anaimirira pa kudziteteza kwa masiku onse.

Ndiye mvetsetsani apa, amayi, chifukwa mutu wa nkhani ndi umenewu. Munthu akati ndimadziteteza n'kuonetsa kaumboni kochirikiza, si iye woyenera kutsimikizira khoti kuti akunena zoona. Boma ndilo liyenera kutsimikiza, popanda chikayiko chomveka, kuti sikunali kudziteteza. Kutsatira munthu mumsewu, ngakhale ndi kupusa, si mlandu. Mawu a wolandira foni aja sanali lamulo. Chotero mlandu wonse unapanikizika m'kamphindi komaliza kaja, mumdima, pamvula: anayamba kumenya mnzake ndani, ndipo pamene ankakoka mfuti, kodi Zimmerman anali ndi mantha omveka akuti afa kapena avulala kwambiri? Amene anaona kamphindi konseko anali awiri. Mmodzi anali m'manda.

Mboni zinalipo, koma aliyense anagwira kachidutswa. Rachel Jeantel, amene ankalankhula ndi Trayvon pa foni, anati mnzakeyo anamuuza kuti pali munthu akumutsatira. Woyandikana nawo wina anati anaona wa chovala chakuda ali pamwamba pa mnzake. Pa foni ina ya kupolisi pankamveka munthu akukuwa kupempha thandizo: mayi a Trayvon anati ndi mwana wawo, mayi a Zimmerman anati ndi wawo. Woweruza analola boma kunena kuti Zimmerman anamuganizira zoipa mnyamatayo pongomuona, koma osati kunena kuti chinali chifukwa cha khungu. Choncho nkhani imene dziko lonse linkakamba panja, m'khoti inalowa chozemba. Pa 13 July 2013 amayi 6 a jury anati alibe mlandu, wakupha mwadala ngakhale wocheperapo uja wakupha mosakonzekera. Mmodzi wa iwo pambuyo pake ananena pa TV kuti mumtima ankaona kuti munthuyo wapulumuka mlandu wakupha, koma lamulo silinamupatse pogwira. Mu February 2015 boma lalikulu la ku Washington nalo linatseka kafukufuku wake, linati umboni wotsimikiza kuti anapha chifukwa cha tsankho ndi wosakwanira. Mawu akuti Black Lives Matter (miyoyo ya anthu akuda ndi yofunika) anabadwa ndi chigamulo cha jury chija cha 2013.

Ine ndinkanena kuti jury ija inalakwa. Pano ndimati lamulo ndilo lolakwa, chifukwa limalola munthu kuyambira nkhani pakati monga ndinachitira ine ndi mlomo wanga. Trayvon naye anali ndi ufulu woima osathawa. Mwana amene akutsatiridwa usiku ndi munthu wosamudziwa, akamenya chibakera, ameneyo sakudziteteza?

Taonani za Ahmaud Arbery, munthu wakuda wa ku Georgia, chigawo china cha America. Pa 23 February 2020 anali kuthamanga m'dera la Satilla Shores pamene Gregory McMichael, mwana wake Travis ndi William Bryan anamuthamangitsa ndi magalimoto, Travis n'kumuwombera. Nawonso anati amadziteteza, nawonso anakhala kwawo miyezi yoposa iwiri osamangidwa. Kusiyana kwake, Bryan anajambula vidiyo pa foni, ndipo itatuluka mu May, chiyambi cha nkhani chinaoneka. Jury ya azungu 11 ndi wakuda mmodzi inawapeza olakwa onse atatu mu November 2021, analamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse, ndipo Georgia inachotsa lamulo lake la 1863 lolola anthu wamba kugwira munthu womuganizira. Zikomo vidiyo. Koma zimandinyansa kuti wakufa amafunika kanema kuti amukhulupirire.

Ndaiwala funso lanu lachiwiri. Ayi, palibe lamulo lolembedwa lolola kupha wakuda. Mwana wanu apite, sukulu asaitaye. Mumuuze kuti kumeneko munthu wamba angakhale ndi mfuti m'chiuno, ndiye wina akamamutsatira asabwerere kukamufunsa. Aimbe 911, nambala yoitanira apolisi, alowe pamene pali anthu ndi magetsi, foni izijambula.

Mnyamata wa phala uja tinasonkherana ndalama ya mankhwala, ine ndinabweza chibonga sabata yomweyo. Ndinakumana naye kamodzi pa depoti, dzanja lili m'kansalu kokoleka m'khosi. Anandizindikira, n'kuwolokera tsidya lina la msewu.