Bambo anga anaikidwa ma implant awiri, limodzi linachita kuzulidwa

Achemwali nkhani ya mayi anu a zaka 68 amene akufuna kuikidwa ma implant, mano ochita kuikirira aja omangidwa pa kachitsulo kolowetsedwa m'fupa la nsagwada, yandigwira mtima mpaka ndasiya ndiwo pamoto, chifukwa ife zinationekera ndi bambo anga kuno ku Kasungu ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Chaka chimenecho fodya anayenda bwino ku Chinkhoma, bambo akuti ndatopa kutafunira mbali imodzi ngati mbuzi, ndikufuna ndizidyanso chimanga chootcha, basi ife ana tinasonkha kuonjezera pa ndalama yawo n'kupita nawo ku kiliniki ina ya pulaiveti ku Lilongwe. Dokotalayo anangoona ndalama basi. Sanawayeze shuga, sanafunse ngati amasuta, pomwe bambo chingambwe sichichoka pakamwa ndipo zala zawo zimachita kuonekeratu kuti ndi munthu wa fodya. Anangowajambula kamodzi n'kuboola fupa la nsagwada n'kumangamo tizitsulo tiwiri ngati timabawuti.

Patapita miyezi iwiri usiku wina cha m'ma 1 koloko mayi akundigogodera kuti bwera udzaone bambo ako. Ndinawapeza atakhala pansi atatsamira bedi, tsaya latupa mpaka diso latsinzina, thupi kutentha ngati mbaula, ndikuwaunika mkamwa ndi tochi ya foni mafinya akutuluka m'mbali mwa kachitsulo ndipo fungo lake sindingalifotokoze, akakakhudza ndi lilime kakugwedera. Bambo amene sindinawaonepo akulira chibadwire changa anandigwira dzanja n'kunena kuti mwanawe ndalama zanu ndaononga. Mawu amenewo ndi amene amandipweteka kuposa zonse. Tinapeza galimoto ya aneba kukacha, kuchipatala atawayeza shuga inali yokwera kwambiri, yapitirira 300, ndipo iwo samadziwa n'komwe kuti ali ndi shuga.

Titabwerera ku kiliniki kuja anatiyankha mwachipongwe kuti vuto ndi lanu munkasuta, ndalama sitibweza. Inu simunawaone manja? Munthu wa zaka 70 mukumuboola fupa osamubaya n'chala chomwe kuti muone magazi? Mulungu akuwaona anthu amenewo.

Dokotala wina amene anadzazula kachitsuloko ndi amene anatikhazika pansi n'kutiuza kuti kachitsulo kaja ndi ka titanium, kamayenera kugwirana ndi fupa kwa miyezi 3 mpaka 6, ndiye shuga ikakhala yokwera bala silipola msanga, fodya nayenso amachepetsa magazi opita ku nkhama, tizilombo timalowa n'kuyamba kudya fupa lozungulira. Ukalamba pawokha akuti si vuto ayi. Munthu woyamba kuikidwa zimenezi ku Sweden mu 1965 anakhala nazo zaka 40 mpaka kumwalira.

Ndiye ine ndikanati musayerekeze, agulireni mayi mano ovula aja basi mtima ukhale m'malo. Komabe chilungamo chake implant inayo ilipobe mpaka pano chaka chachisanu, yolimba gwa, bambo anasiya fodya, akumwa mankhwala a shuga ndipo chimanga chija akukukuta. Ndiye ngati mayi alimbikira apititseni, koma ayambe ayezetsa shuga ndi BP, awajambule aone ngati fupa lilipo lokwanira poti dzino likachoka kalekale fupa limaphwa, ndipo ngati amamwa mankhwala olimbitsa mafupa kapena ochepetsa kuundana kwa magazi anene poyera asanagone pampando paja. Funsaninso kuti likakanika adzatani ndipo akulembereni papepala, ife sitinalembetse ndi chifukwa anatitola. Muwerengerenso transipoti yobwerera ku Lilongwe kukaonetsa, si ulendo umodzi ayi, komanso kutsuka ndi mswachi m'mawa ndi madzulo osadumpha, bambo mpaka lero mayi amachita kuwaimirira pakhomo la bafa.