Adona akuti mukapita kokachira musabwerenso: zimene lamulo la kuno ku Joni likunena

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mwagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg kwa zaka zitatu, masiku asanu pa sabata, mumalandira R5,000 pa mwezi, ndipo mapepala anu okhalira ndi kugwirira ntchito m'dziko muno ali bwinobwino. Pano muli ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo adona anu akuuzani kuti mukapita kokachira iwo alemba wina, inu mudzafunefune kwina. Bambo a kunyumba ndi alonda pa kampani ina. Mukufuna kudziwa ngati adonawo ali ndi mphamvu yotero, ngati mudzalandire kangachepe muli pakhomo, ngati bambo angapume nawo, komanso kuti khandalo mudzalisiya kuti tsiku lobwerera ku ntchito.

Ndisanafike kwina kulikonse, gwiritsitsani ichi: musasiye ntchito nokha, ndipo musasayine pepala lililonse lonena kuti mwasiya mwa kufuna kwanu, ngakhale akulonjezeni kandalama kotsanzikira. Amayi ambiri amene amafika kwa ine mlandu utawonongeka kale anagwa pomwepa. Anachita manyazi, anati tisakangane ndi munthu amene watisunga zaka zonsezi, nasayina. Munthu amene wasiya yekha amavutika kwambiri kuti adzanene kuti anachotsedwa.

Adona anu akulakwa. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997, pa gawo 25, limapatsa mayi wapantchito tchuthi cha miyezi inayi yotsatizana, ndipo wantchito wa m'nyumba sanasiyidwe kunja. Mutha kuyamba tchuthicho kutatsala masabata anayi kuti tsiku lanu likwane, kapena msanga kuposa pamenepo ngati adokotala kapena azamba alemba kuti thupi silikulola. Mukachira, simuloledwa kugwira ntchito kwa masabata asanu ndi limodzi pokhapokha achipatala atavomereza. Ngakhale mayi amene wapita padera m'miyezi itatu yomaliza, kapena amene mwana wabadwa atamwalira kale, ali ndi masabata asanu ndi limodzi opuma. Udindo wanu ndi umodzi: kuwadziwitsa abwana polemba, kutatsala masabata anayi kapena kuposa, tsiku limene muyambe tchuthi ndi tsiku limene mudzabwerere. Lembani kalata, muphatikizepo pepala la ku sikelo losonyeza tsiku loyembekezeka, muijambule, ndipo muwatumizirenso pa WhatsApp kuti tsiku lotumizira lizioneka. Zonena pakamwa m'khitchini zimauluka ndi mphepo.

Ngati nkhawa ya adona ndi yakuti nyumba ikhala yopanda munthu, lamulo silikuwaletsa kulemba wina wogwirizira kwa miyezi inayiyo. Ife Amalawi timakonda kubweretsa m'bale kapena mnzathu wa kutchalitchi kuti atisungire malo. Ndi nzeru yabwino, koma zilembedwe kuti iye wabwera kudzagwirizira ndipo ntchito yake idzatha tsiku lakuti. Chibale chimasokonekera msanga pa nkhani yotere.

Tsopano pa ndalama, pamene ambiri a ife timasokonezeka chifukwa cha zimene tinazolowera kwathu. Ku Malawi, Employment Act ya 2000 imapereka masabata asanu ndi atatu okha, kamodzi pa zaka zitatu, koma abwana amalipira malipiro onse. Kuno tchuthi n'chotalika, koma lamulo silikakamiza abwana kukulipirani ngakhale senti imodzi, pokhapokha ngati kontirakiti yanu ikutero. Ndalama ya mayi amene wachira imachokera ku UIF, thumba lija la boma limene mwezi ndi mwezi wantchito amaponyamo 1 peresenti ya malipiro ake, abwana n'kuwonjezeranso 1 peresenti. Kwa inu ndi R50 yanu ndi R50 ya adona. Aliyense wogwira ntchito maola opitirira 24 pa mwezi kwa bwana mmodzi ayenera kulembetsedwa, ndipo wolembetsa ndi bwanayo.

Choncho nkhondo yanu yeniyeni ili apa, ndipo muimenye mwezi uno mimba isanalemere. Tengani pasipoti yanu mupite ku labour centre ya Department of Employment and Labour, ku Randburg komweko iliko, mukafunse ngati dzina lanu likuoneka m'kaundula wa UIF. M'kalata yanu simunanene ngati mumalandira payslip, kapepala kosonyeza malipiro anu ndi zimene zadulidwa. Muyenera kumalandira, chifukwa malamulo a antchito a m'nyumba otchedwa Sectoral Determination 7 amatero. Mukapeza kuti simunalembetsedwe, kapena kuti R50 imadulidwa koma sikafika kuboma, dandaulani pomwepo. Oyendera malo a ntchito ali ndi mphamvu yokakamiza abwana kulembetsa ndi kulipira za m'mbuyo. Kulakwako n'kwa abwana, koma amene amagona ndi njala mapepala akachedwa ndi inu ndi mwana, n'chifukwa chake ndikuti musadikire.

Zonse zikakhala m'malo, UIF imapereka 66 peresenti ya malipiro anu kwa masiku osapitirira 121. Pa R5,000 ndiye kuti pafupifupi R3,300 pa mwezi. Kwa olandira zambiri pali denga: kuwerengera kumathera pa malipiro a R17,712 pa mwezi. Muyenera kukhala mutagwira ntchito masabata 13 kapena kuposa musanapemphe, zimene inu munapitirira kalekale. Mafomu ake ndi UI-2.3 yopemphera, imene ili ndi malo oti achipatala alembepo, UI-2.8 yokadinditsa ku banki, ndi UI-19 pamodzi ndi UI-2.7 zimene adona ayenera kudzaza. Akaunti ya ku banki ikhale ya dzina lanu, osati la bambo kapena la mnzanu. Mutha kupereka pempho ku labour centre kapena pa intaneti kudzera pa uFiling, ndipo muli ndi miyezi 12 kuchokera tsiku lochira, koma palibe chifukwa chodikirira. Pemphani tchuthi chikangoyamba. Ndalama yoyamba imatha kuchedwa, ndiye ngati n'kotheka sungani lendi ya mwezi umodzi kapena iwiri, kapena mupemphe anzanu a chipereganyu kuti mulandire mwezi wochirawo.

Nanga adona akaumirira? Lamulo la Labour Relations Act la 1995, pa gawo 187, limaika kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pakati m'gulu la kuchotsa koipitsitsa, kumene bwana sangadziteteze ponena kuti anatsata ndondomeko. Gawo 186 limanenanso kuti kukana kumulandira mayi pobwera ku tchuthichi n'chimodzimodzi kumuchotsa. Mlandu umayambira ku CCMA, bungwe lokhazikitsidwa ndi boma lomva mikangano ya pa ntchito. Mumadzaza fomu ya LRA 7.11, kupereka kope kwa abwana, n'kukatula ku ofesi ya CCMA pamodzi ndi umboni woti abwana alandira. Simulipira kanthu. Koma muli ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku limene mwachotsedwa, ndipo Loweruka ndi Lamulungu amawerengedwa nawo. Mukachedwa mumayenera kupempha kuti akukhululukireni ndi kufotokoza chimene chinakuchedwetsani, ndipo akhoza kukana.

Pa tsiku loyamba komishinala wa CCMA amakukhazikani pansi nonse awiri kuti mugwirizane. Pamenepa maloya salowa, mumadziyankhulira nokha, ndipo mutha kupempha womasulira polemba pa fomu chinenero chimene mukufuna. Mukapanda kumvana amakupatsani satifiketi, ndipo mlandu wa mtundu uwu umapita ku Labour Court ku Braamfontein pasanathe masiku 90. Khoti litha kulamula kuti mubwerere pa ntchito, kapena kuti mupatsidwe chipukutamisozi chofika malipiro a miyezi 24. Nambala imeneyi isakukopeni. Ndi denga chabe, ndipo milandu ya ku Labour Court imatenga nthawi yaitali, inu muli ndi khanda kumsana. Ngati ku CCMA adona apereka ntchito yanu kapena ndalama yooneka, n'kulembedwa pa pepala losayinidwa pamaso pa komishinala, ganizirani mofatsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukafuna loya wopanda malipiro, pitani ku Legal Aid South Africa kapena ku Wits Law Clinic. A Izwi Domestic Workers Alliance ndi a bungwe la SADSAWU amathandizanso antchito a m'nyumba pa nkhani zoterezi.

Ndikudziwa kuti ambiri owerenga yankho ili alibe mapepala ngati anu. Kwa iwo ndinene mwachidule: m'chaka cha 2008, pa mlandu wa Discovery Health, Labour Court inagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha ndi wantchito ndithu ndipo CCMA iyenera kumumvera. Bwana sangakugwiritseni ntchito zaka zitatu kenako n'kukumbukira za mapepala tsiku limene mimba yaoneka. Komabe ku UIF n'kovuta kwambiri popanda mapepala, ndipo munthu wotere ayambe wakambirana ndi loya payekha, monga a Lawyers for Human Rights, asanapite ku ofesi iliyonse.

Za bambo, lamulo lasintha posachedwapa. Kuyambira mu Januwale 2020 abambo anali ndi masiku khumi okha. Pa 3 Okutobala 2025, pa mlandu wa Van Wyk, Constitutional Court inati kusiyanitsa makolo motero n'kusankhana, ndipo inapatsa Nyumba ya Malamulo miyezi 36 kuti ikonze. Podikira zimenezo, ngati makolo onse awiri ali pa ntchito, ali ndi miyezi inayi ndi masiku khumi yoti agawane mmene afunira, bola masabata asanu ndi limodzi a mayi atangochira asakhudzidwe. Ndi chigamulo chabwino, ndipo ndimachiyamikira. Koma khotilo linasiya nkhani ya malipiro a UIF m'manja mwa Nyumba ya Malamulo, ndipo mmene lamulo la UIF lalembedwera, bambo amalipiridwa masiku khumi. Bambo akatenga miyezi iwiri akhoza kukhala pakhomo opanda cholowa m'thumba. Kwa banja ngati lanu ndikulangiza kuti inu mutenge miyezi inayi, iwo masiku khumi, ndipo nawonso alembere kampani yawo nthawi isanathe.

Mukabwerera pali maufulu ena ang'onoang'ono amene amayi ambiri sawadziwa. Malangizo a boma oteteza amayi apantchito amati m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya mwana mupatsidwe mphindi 30 kawiri pa tsiku zoyamwitsa kapena kufinya mkaka. Mwana akadwala, wantchito wa m'nyumba ali ndi masiku asanu pa chaka olipidwa osamalira za pabanja. Antchito ena ambiri ali ndi atatu. Masiku omwewo ndi amenenso mumagwiritsa ntchito pakagwa maliro a kholo, mwana kapena m'bale wa bere limodzi, ndipo inu mukudziwa kuti basi ya ku Blantyre yokha imadya masiku awiri popita. Abwana ali ndi ufulu wopempha umboni, ndiye pepala la ku kiliniki muzilisunga. Mulinso ndi masabata atatu a tchuthi cha pachaka cholipidwa, amene mungapemphe kuti alumikizidwe kumapeto kwa miyezi inayi ija ngati adona avomera.

Funso lanu lomaliza ndi limene limandipweteka, chifukwa apa lamulo lili ndi zochepa zokupatsani. Palibe lamulo lokakamiza abwana kukupezerani kosiya mwana, kapena kukulolani kubwera naye ku ntchito. Boma limathandiza makireshi olembetsedwa ndi ndalama ya mwana aliyense wochokera m'banja losauka, imene inakhala pa R17 pa tsiku kwa zaka zingapo mpaka bajeti ya 2025 italengeza zoikweza kufika pa R24. Ndalamayi imapita ku kireshi, osati kwa kholo. Child Support Grant, ndalama ya boma yothandizira kulera ana, nayo ndi ya wolera mwana amene ali nzika, wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kapena wothawa kwawo wovomerezeka. Wa pemiti ya ntchito yokha sapatsidwa.

Ndiye mayi amene tsiku lonse amalera ana a eni ku Randburg amasiya wake wa miyezi inayi m'chipinda cha mayi wina ku Cosmo City kapena ku Diepsloot, n'kunyamuka kusanache kuthamangira takisi. Ena amalephera, n'kumuletsa mwana kuyamwa nthawi isanakwane, kumukweza basi kupita kwa agogo ku Mangochi kapena ku Mzimba, n'kumadzamuona pa foni akuphunzira kuyenda. Achipatala amati mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, lamulo likupereka inayi, ndipo pa inayiyo mayi akulandira magawo awiri mwa atatu a malipiro amene anali osakwana kale. Ine ndimaona kuti tchuthichi chiyenera kufika miyezi isanu ndi umodzi, olandira zochepa azipatsidwa malipiro athunthu kuchokera ku thumba la boma, ndipo kireshi yotsika mtengo yolandira makanda ipezeke m'dera lililonse limene antchito amakhala. Lamulo la tchuthi cha makolo likukonzedwa panopa, ndipo mabungwe a antchito a m'nyumba ndiwo njira yoti mawu anu akamvekere ku Nyumba ya Malamulo.

Pakadali pano yambani kufunafuna malo mwana asanabadwe. Children's Act ya 2005 imati malo osunga ana opitirira asanu ndi mmodzi ayenera kulembetsedwa, ndipo kuyambira mu Epulo 2022 makireshi ali pansi pa Department of Basic Education. Funsani kuona satifiketi. Ngati mwasankha mayi wosunga ana ochepa pakhomo pake, zimene lamulo limalola, mukafike masana mosawadziwitsa, muwerenge makanda ndi akuluakulu amene alipo, muone pamene pali chitofu ndi ndowa za madzi, ndipo mugwirizane polemba za mtengo ndi nthawi yodzatenga mwana, chifukwa ntchito ya m'nyumba siweruka pa nthawi yake.

Tsiku limene munalemba m'kalata kuti mudzabwerera, mudzapite ndithu, ngakhale adona atakhala chete miyezi yonseyo. Mudzatenge munthu wina wamkulu woti adzakhale mboni, ndipo mudzatumize uthenga muli pageti wonena kuti mwafika kudzayamba ntchito. Akakana kutsegula musadzakangane nawo. Mudzalembe nthawi ndi mawu amene anena, mudzasunge uthengawo, chifukwa masiku 30 a ku CCMA adzayamba kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo.