Ayuda "anamwalira" kapena "anaphedwa"?

Funso loyamba lachokera kwa mphunzitsi wa mbiri yakale amene anachita nawo maphunziro a aphunzitsi ku Johannesburg Holocaust & Genocide Centre, malo ophunzitsira za mbiri ya genocide ku South Africa. Akuti: "Zonse tinaphunzira m'Chingelezi. Nanga pofotokozera ana m'Chichewa, genocide ndiziti chiyani? Mnzanga akuti ndizingoti chipolowe."

Aphunzitsi, chipolowe ayi. Chipolowe chimangobuka pamsika, anthu n'kugendana, apolisi akafika chatha. Genocide anthu amachita kuikhalira pansi, kulemba mayina, kukonza sitima ndi zikwanje. Mawuwa anawapanga mu 1944 Raphael Lemkin, loya wachiyuda wa ku Poland, ndipo pangano la United Nations la pa 9 Disembala 1948 limati mlanduwu umagona pa cholinga chofafaniza gulu la anthu, lonse kapena mbali yake, chifukwa cha dziko lawo, mtundu, khungu kapena chipembedzo. Ngakhale malamulo aakulu a Malawi amauletsa m'gawo 17.

Ine ndimati "kupulula mtundu wa anthu". Onani mayi akamapulula chammwamba: agwira nthambi kunsonga, akoka kamodzi, masamba okhwima ndi anthete omwe agwera m'lichero, m'manja n'kutsala kamtengo. Koma poti timanenanso kuti mliri wapulula mudzi, onjezerani "mwadala". "Kupha anthu ambirimbiri" kukungonena za kuchuluka, cholinga sikukuchitchula.

Wina, wophunzitsa kusekondale, wafunsa: "Ndinalemba pabolodi kuti Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anamwalira mu ulamuliro wa Hitler. Amene amatiphunzitsa anandiuza kuti ndisinthe. Chalakwika n'chiyani, poti kumwalira ndi mawu aulemu?"

Ulemuwo ndi umene wakusocheretsani, achimwene. Kwathu kuno pamaliro timafewetsa mawu: atisiya, atsikira kulichete, amwalira. Mawu oterewa amatonthoza ofedwa, koma amabisa wakupha. Mwana akawerenga kuti "anamwalira" aganiza za malungo kapena ukalamba, pomwe ku Babi Yar, kufupi ndi mzinda wa Kyiv ku Ukraine, Ayuda oposa 33,000 anawomberedwa m'masiku awiri a Seputembala 1941, ndipo ku misasa ya Auschwitz ndi Treblinka ku Poland ankatsekeredwa m'zipinda za mpweya wapoizoni. Lembani "anaphedwa". Ndipo ngakhale "anaphedwa" amakusiyirani mpata wozemba, chifukwa chiganizo chitha kuthera pomwepo wakuphayo osatchulidwa. Chabwino koposa n'kuti "Boma la Nazi la Germany ndi olithandiza anapha Ayuda". N'chimodzimodzi za Aherero ndi Anama ku Namibia kuyambira 1904, ndi za Atutsi ku Rwanda mu 1994: musalembe kuti "anthu anatha kunkhondo".

Pamenepa ndiwonjezere chimene simunafunse. Chichewa chili ndi njira yakeyake yovula munthu umunthu popanda kutukwana: kungomuchotsa m'gulu la mu- ndi a-. Mukati "Ayuda abwera" mwanena anthu. Mukati "ziayuda zabwera" mwawaika pamodzi ndi zinthu ndi zilombo. Wailesi ya RTLM ku Rwanda inkatcha Atutsi inyenzi, kutanthauza mphemvu. Pophunzitsa zimenezi, funsani ana kuti anamvapo liti "zianthu izi" kapena "timitundu iti" pamsonkhano wandale, mayankho sachedwa.

Funso lomaliza ndi lalifupi: "Myuda ndi Mwisraeli n'chimodzimodzi? Nanga maufulu ndi Chichewa cholondola?"

M'Baibulo mayina awiriwa amayenderana, koma m'mbiri ya masiku ano asiyanitseni. Dziko la Israel linakhazikitsidwa mu 1948, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha kale, choncho ophedwa ku Ulaya aja anali Ayuda a ku Poland, Hungary, Lithuania ndi maiko ena. Za maufulu, akuluakulu ena amanyinyirika, koma mawuwa anakhazikika m'manyuzipepala ndi pawailesi. Ponena mutu wonse, itini "ufulu wachibadwidwe". Mukamawerenga umodziumodzi mwa mfundo 30 za chikalata cha United Nations chonena za ufuluwu cha pa 10 Disembala 1948, "maufulu" alibe vuto.