Chisamani chafika: zokakumana nazo kukhoti pa mlandu wosokoneza mtendere

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagulitsa tomato mumsika. Anakangana ndi mnzawo polimbirana malo oyalapo malonda, mawu anakula, anthu anaunjikana, mpaka apolisi anawatenga onse awiri. Atapereka sitetimenti anatulutsidwa tsiku lomwelo, iwo n'kumayesa kuti zathera pomwepo. Tsopano kwabwera chisamani chowaitana kubwalo la majisitireti. Akufunsa kuti: "Ena akuti ndisapite, zizizira zokha. Ena akuti ndikangovomera zitha msanga. Kodi ndikalowa ndende?"

Mayi, pepani ndi nkhawa yomwe muli nayo. Amene akukuuzani kuti musapitewo musawamvere, mlandu suola. Mukajomba, khoti lili ndi mphamvu yotulutsa chikalata choti apolisi akugwireni, ndiye mudzafika pamaso pa woweruza mukuchokera m'chitokosi, ndipo kupempha belo kudzavuta chifukwa mwaonetsa kale kuti mukaitanidwa simubwera. Ngati tsikulo mwadwala zenizeni, tumizani m'bale wanu kwa kalaliki wa khoti ndi chiphaso chakuchipatala nthawi ya mlandu isanakwane.

Chitengeni chisamanicho muchiwerenge bwinobwino, kapena wina akuwerengereni. Palembedwa dzina la bwalo, tsiku, nthawi ndi mlandu umene akukuzengani. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuona kuti ndi gawo 181 la Penal Code (buku la malamulo a milandu ndi zilango zake), lomwe limaletsa kuchita zinthu pagulu zomwe zikanatha kusokoneza mtendere. Chilango chake ndi chindapusa, ndipo ndende ikakhalapo siyipitirira miyezi itatu. Gawo lotsatira, la 182, ndi la kutukwana, choncho onetsetsani nambala yomwe yalembedwa.

Tsikulo lawirirani. Valani mwaulemu, tengani chisamani ndi chiphaso chaunzika, foni muzimitse. Mukafika dziwitsani kalaliki kuti mwabwera, kenako khalani pabenchi n'kudikira, chifukwa milandu imachuluka ndipo wanu akhoza kuuitana masana kapena kuusunthira tsiku lina. Malonda a tsiku limenelo asiyireni wina. Musapite nokha: tengani munthu wamkulu wodalirika, nayenso ndi chiphaso chake, amene angakuimireni pa belo zikafika pamenepo.

Dzina lanu likaitanidwa mudzaima malo a wozengedwa mlandu. Woimira boma kawirikawiri amakhala wapolisi. Zokamba za khoti zimalembedwa m'Chingerezi, koma pamakhala womasulira, ndipo gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limakupatsani ufulu womva mlandu wanu m'chilankhulo chomwe mumachimva. Ngati simunamvetse, nenani kuti abwerezenso. Palibe amene angakudzudzuleni pa chimenecho.

Kenako adzakuwerengerani mlandu n'kukufunsani ngati mukuvomera kapena mukukana. Apa mpamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa anthu ambiri osauka amagwera pamenepa. Munthu watopa, akuchita mantha, akuganiza za ana kunyumba, ndiye amangoti "ndikuvomera" kuti azipita. Kuvomera n'kuuza khoti kuti zonse zomwe zalembedwazo munachitadi, ndipo boma silifunikanso kubweretsa mboni ngakhale imodzi. Mumatuluka muli munthu wopezeka wolakwa. Mbiri imeneyo imatsala m'mabuku, ikhoza kudzatulukira mukadzafuna kalata yakupolisi yofunsira ntchito kapena viza, ndipo mukadzapezekanso kukhoti tsiku lina sadzakuonaninso ngati woyamba kulakwa.

Sindikunena kuti mukane zomwe munachita. Ngati munakuwadi, munatukwanadi, mpaka msika unaima chifukwa cha inu, kuvomera msanga kumathandiza, makhoti amachepetsa chilango kwa munthu amene sanawatayitse nthawi. Koma mukavomera, tcherani khutu pamene woimira boma akufotokoza mmene nkhani inayendera, chifukwa akamaliza woweruza adzakufunsani ngati zimenezo n'zoona. Akati munagubuduza benchi ya mnzanu pomwe inu simunaikhudze, nenani pomwepo kuti apo ayi. Lamulo limafuna kuti woweruza atsimikize kuti mukumvetsa zomwe mukuvomera ndiponso kuti mukuvomera popanda "koma". Mukati "ndinakuwa koma ndinkaitana anthu kuti andilanditse," khoti liyenera kulemba kuti mwakana mlandu.

Kukana si mwano kwa woweruza. Lamulo limakuonani ngati wosalakwa kufikira boma litapereka umboni wosasiya chikaiko. Mukakana adzaika tsiku lomva mboni, ndipo apa pemphani belo ya khoti. Mboni iliyonse ikamaliza kulankhula mudzapatsidwa mpata woifunsa mafunso. Ambiri amataya mpata umenewu poyamba kufotokoza mbali yawo kapena kukangana ndi mboni. Funsani mafunso afupiafupi: munaima pati? Anayamba kukuwa ndani? Munandiona ndikugwira munthu? Mboni za boma zikatha, woweruza amaona ngati muli ndi mlandu woyankha. Ngati palibe, mwamasuka. Ngati ulipo, mpamene mumapereka mbali yanu ndi mboni zanu, ndipo muli ndi ufulu wokhala chete ngati mwasankha kutero. Anzanu oyandikana nawo benchi amene anaona zonse, ayankhuleni panopa asanaiwale.

Zimandipweteka kuti malamulo a milandu ing'onoing'onoyi, omwe anabwera ndi atsamunda, amagwira kwambiri mavenda ndi anthu oyenda pansi. Komabe munthu wamba akhoza kuima n'kumveka. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, anagwidwa mu 2015 m'bandakucha akupita kumalonda ake, pa mlandu wopezeka pamalo popanda chifukwa chomveka. Anakana, nkhani inafika ku High Court, ndipo mu 2017 khotilo linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code lomwe anamugwirira likutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Gawo 181 lanuli likugwirabe ntchito, ndiye musapite ndi maganizo oti nalonso linathetsedwa.

Za ndende zomwe zikukusowetsani tulozo. Mukapezeka wolakwa, chilango chisanaperekedwe woweruza adzakufunsani ngati muli ndi dandaulo. Musangoti "ndilibe mawu." Nenani kuti n'koyamba, muli ndi ana angati amene amadalira tomatoyo, mumapeza zingati patsiku, komanso ngati munapepesana ndi mnzanuyo. Gawo 340 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu, limati munthu wolakwa koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litakhutira kuti palibe njira ina yoyenera. Njira zinazo zilipo: chindapusa, chilango choimikidwa choti musakapalamulenso kwa nthawi yomwe anena, kugwira ntchito yothandiza m'dera monga kusesa pachipatala kapena pasukulu, ngakhale kukumasulani ndi chenjezo. Chigamulo ndi cha woweruza, koma pa mkangano wa pakamwa wopanda wovulala, lamulo lili kumbali yoti mubwerere kwanu. Chomwe chimalowetsa anthu m'ndende pa milandu yotereyi nthawi zambiri n'kulephera kulipira chindapusa, choncho konzekerani kangachepe, ndipo abale adziwe kuti mwina adzafunika kusonkha tsiku lomwelo.

Ndalama iliyonse muilipire ku ofesi ya khoti ndipo mulandire lisiti ya boma. Wina akakukokerani pambali panja n'kunena kuti mumupatse kenakake kuti fayilo isowe, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo woperekayo nayenso amapalamula mlandu waukulu kuposa uwu.

Tsiku lisanafike, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau yomwe muli nayo pafupi ndi chisamani chanu, ntchito yawo ndi kuthandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. M'makhoti ambiri mumapezekanso ma paralegal, anthu ophunzitsidwa za malamulo koma omwe si maloya, a bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute) amene amafotokozera anthu mmene mlandu umayendera. Ndipo ngati n'kotheka, pemphani akuluakulu a komiti ya msika akukhazikeni pansi ndi mnzanuyo mugwirizane za malowo. Mukagwirizana musaleke kupita kukhoti. Pitani nonse, mudziwitse woimira boma mlandu usanayambe, kenako muuzenso woweruza.